Mmene mayi woyamwitsa angadyere kuti mkaka usamuthere mphamvu

Mayi amene akuyamwitsa mwakathithi, kutanthauza kuti mwana sakulandira kanthu kena kalikonse koma bere lokha, amatulutsa mkaka wokwana mamililita pafupifupi 750 mpaka 800 tsiku lililonse m'miyezi 6 yoyambirira. Madzi, mafuta, shuga, mapuloteni ndi michere yonse ya mu mkakawo zimachokera m'magazi a mayiyo, ndipo magaziwo amazitenga m'chakudya chimene iye wadya, kapena, chakudya chikaperewera, m'nkhokwe za thupi lake lomwe. Thupi la mayi limasamala mwana poyamba, mwiniwake pambuyo. Ngakhale mayi atadya moperewera kwa masabata angapo, mkaka umapangikabe, ndipo kawirikawiri umakhala wokwanira kukulitsa mwana, koma amene amamva kupweteka kwake ndi mayiyo, amene amayamba kuwonda, kufooka ndi kuchita chizungulire pamene aliyense m'nyumba akusangalala kuti khanda likunenepa.

Mayi woyamwitsa amadya pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kubwezera m'thupi mwake zimene mkaka ukuchotsamo, ndipo chachiwiri ndi kuonetsetsa kuti michere ingapo, imene imalowa mu mkaka pokhapokha iye ataidya, ikufikadi kwa mwana. Popeza mabungwe a WHO (loona za umoyo padziko lonse) ndi UNICEF (loona za ana) amalangiza kuti mwana ayambe kuyamwa m'ola loyamba atabadwa, ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenako apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, nkhani ya kadyedwe si ya masabata ochepa a uchembere okha ayi. Ndi chizolowezi chimene chiyenera kukhazikika m'nyumba kwa nthawi yaitali, choncho chiyenera kukhala chosavuta kuchitsata.

Muwonjezere chakudya chochuluka bwanji

Lipoti la 2004 la mabungwe a FAO (loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse) ndi WHO pamodzi ndi United Nations University linawerengera kuti mayi amene ananenepa mokwanira ali woyembekezera amafunika makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 505 owonjezera patsiku m'miyezi 6 yoyambirira, pamene mayi amene anafika pobereka ali woperewera zakudya amafunika makalori 675. Kusiyanaku kulipo chifukwa mayi woyamba uja ali ndi mafuta amene thupi linasunga pa nthawi ya mimba, ndipo mbali ina ya mkaka imapangidwa kuchokera ku mafuta amenewo, pamene winayo alibe kotapa.

Palibe mayi wa khanda amene ali ndi nthawi yowerengera makalori, ndiye nambalazi ndi bwino kuziona zili m'mbale. Dzira limodzi lowiritsa, nthochi imodzi yaikulu, kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe ndi mtedza wodzaza chikhatho chimodzi, zonsezi pamodzi zimapereka makalori pafupifupi 500 ndi mapuloteni opitirira pang'ono magalamu 20, zimene zikukwanira bwino pa magalamu 19 owonjezera amene akatswiri a WHO amawerengera mayi woyamwitsa m'miyezi yoyambayo. Apa mukuona kuti sikuti muwirikize kawiri chakudya chanu chonse. Idyani katatu patsiku monga mwa nthawi zonse, kenako onjezerani kadyedwe kawiri kakang'ono, kamodzi pakati pa m'mawa ndi masana, kena madzulo kapena usiku. Amene akuyamwitsa mapasa, amene akuyamwitsa ali ndi pakati pena, ndi mtsikana wosakwana zaka 19 amene thupi lake likukulabe, onsewa amafunika zoposa pamenepa.

Vuto lalikulu m'masabata oyamba silikhala kusadziwa zoyenera kudya, koma kusowa manja. Mwana akagona pachifuwa atalira kwa nthawi yaitali, mayi amaopa ngakhale kutsokomola, ndipo chakudya cha m'mawa chimazizirira patebulo mpaka masana. Njira yake ndi kukonzeratu. Wiritsani mazira angapo nthawi imodzi, phikani nyemba zokwanira kudya kawiri, ndipo ikani pafupi ndi pamene mumakhala poyamwitsa zinthu zimene zimadyeka ndi dzanja limodzi, monga zipatso zotsuka kale, mtedza, buledi kapena mbatata yophika. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2 chisanaikidwe pozizira, ndipo chotsala chitenthetsedwe mpaka chitatentha kwambiri paliponse musanachidye. Kwa abambo a mwana ndi achibale amene amabwera kudzathandiza, thandizo limene limaposa onse ndi kufika ndi mbale ya chakudya ndi kumunyamulira mayi mwanayo mpaka atamaliza kudya.

Kusinthasintha zakudya

Kukhuta kokha sikokwanira, chifukwa munthu akhoza kukhuta phala kapena mpunga tsiku lonse koma thupi lili ndi njala ya michere. Bungwe la FAO limagwiritsa ntchito njira ina yoyezera kadyedwe ka amayi a zaka 15 mpaka 49, imene imagawa zakudya m'magulu 10. Gulu loyamba ndi la mbewu monga chimanga, mpunga ndi tirigu pamodzi ndi zakudya za mizu monga mbatata yoyera ndi chinangwa. Kenako pali nyemba, nandolo, nsawawa ndi zinzake, mtedza ndi nthanga, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, nyama, nkhuku ndi nsomba, mazira, masamba obiriwira kwambiri, zipatso ndi ndiwo zachikasu kapena zofiirira mkati, ndiwo zina zamasamba, ndi zipatso zina. Mayi amene wadya kuchokera m'magulu osachepera 5 pa tsiku limodzi amakhala ndi mwayi waukulu wopeza michere yokwanira.

Njirayi anaikonzera ochita kafukufuku, koma ndikuona kuti imathandizanso m'khitchini kuposa malangizo ambiri ataliatali. Madzulo musanagone, werengani pa zala magulu amene mwadya kuyambira m'mawa. Mukapeza kuti zala zatha pa zitatu, mawa lake musavutike ndi kugula zodula, ingowonjezerani gulu limodzi limene linasowa, kaya ndi dzira, kaya masamba, kaya chipatso chimene chili m'nyengo yake.

Michere imene imafika kwa mwana pokhapokha inu mutaidya

Apa ndi pamene kadyedwe ka mayi kamasintha mkaka weniweniwo, ndipo m'pofunika kudekha. Ayodini, vitamini A, mavitamini a m'gulu la B monga B1, B2, B6 ndi B12, komanso mtundu wa mafuta amene ali mu mkaka, zonsezi zimakwera kapena kutsika motsatira zimene mayi akudya.

Ayodini amafunika kuti chithokomiro cha mwana chipange mahomoni amene amayendetsa kakulidwe ka ubongo, ndipo khanda loyamwa bere lokha lilibe kwina komupeza. Bungwe la WHO limati mayi woyamwitsa azipeza mamaikulogalamu 250 patsiku, pamene munthu wamkulu wina aliyense amafunika 150. Gwero lodalirika kwa anthu ambiri padziko lapansi ndi mchere wothira ayodini, choncho werengani zimene zalembedwa papaketi musanagule. Sungani mcherewo m'chotengera chotseka bwino, pouma, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa ayodini amatha pang'onopang'ono mchere ukakhala poyera, ndipo uthireni chakudya chitatsala pang'ono kupsa. Izi sizikutanthauza kuti muchulutse mchere, pakuti malire a WHO ndi osafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Nsomba za m'nyanja zamchere, mkaka ndi mazira zimawonjezeranso ayodini.

Ana amabadwa ndi vitamini A wochepa m'chiwindi mwawo, ndipo amadalira mkaka kuti adzaze nkhokwe imene imateteza maso awo ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi. Karoti, maungu, mbatata yofiirira mkati, mango ndi mapapaya akupsa, masamba obiriwira kwambiri ndi chikasu cha dzira ndi magwero abwino. Vitaminiyu amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta, ndiye masamba ophikidwa ndi mafuta pang'ono kapena ndi mtedza wosinja amapindulitsa kuposa ongowiritsa m'madzi. Chiwindi chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri moti kachidutswa kakang'ono kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo mayi amene akuganiza kuti mwina ali ndi pakati pena achipewe, chifukwa vitamini A wochuluka chonchi akhoza kuvulaza mwana wa m'mimba.

Vitamini B12 amapezeka mwachilengedwe m'zakudya zochokera ku nyama zokha, monga nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Mayi amene sadya zimenezi, kaya chifukwa cha chipembedzo, kaya mwa kufuna kwake, kaya chifukwa sizipezeka, ayenera kumwa mapiritsi a vitaminiyu, ndipo pa mfundo iyi palibe kunyengerera. Mayiyo akhoza kumaoneka wathanzi pamene mkaka wake uli woperewera, ndipo mwana amayamba kufooka, kukana kuyamwa ndi kubwerera m'mbuyo pa zimene anali atayamba kuchita, mwinanso minyewa yake kuwonongeka mosabwezeka. Vitamini B1 naye ali ndi mbiri yake yowawa: m'mayiko monga Cambodia, Laos ndi Myanmar, kumene mabanja ambiri amadalira mpunga woyera wopunthidwa kwambiri, makanda oyamwa amadwala matenda a beriberi amene amafooketsa mtima mofulumira. Vitaminiyu amakhala m'gaga wa mbewu, choncho ufa ndi mpunga zosakonola kwambiri, pamodzi ndi nyemba ndi mtedza, zimateteza mayi ndi mwana yemwe.

Kuchuluka kwa mafuta mu mkaka sikusintha kwambiri ndi kadyedwe, koma mtundu wake umasintha. Mafuta otchedwa DHA, amene amamanga ubongo ndi maso a mwana, amachuluka mu mkaka wa mayi amene amadya nsomba, makamaka zamafuta monga sardine ndi salmon. Mabungwe a boma la United States a FDA (loona za zakudya ndi mankhwala) ndi EPA (loona za chilengedwe) amalangiza kudya nsomba kawiri kapena katatu pa sabata, zonse pamodzi magalamu pafupifupi 225 mpaka 340, koma kupewa nsomba zikuluzikulu zodya zinzake monga shaki, swordfish ndi marlin, chifukwa zimasunga poizoni wa mercury m'thupi mwawo kwa zaka zonse zimene zakhala ndi moyo. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti nsomba ikakhala yaing'ono komanso ya moyo waufupi, mercury amakhala wochepa.

Vitamini D ndi wosiyana ndi anzakewa, chifukwa mkaka wa m'mawere umakhala naye wochepa ngakhale mayi akudya bwino, ndipo thupi limamupanga makamaka khungu likawombedwa ndi dzuwa. M'mayiko monga United States ndi United Kingdom makanda oyamwa amapatsidwa timadontho ta vitaminiyu tsiku lililonse, pafupifupi mamaikulogalamu 10. Mayi amene amakhala m'nyumba nthawi zonse, amene amavala zophimba thupi lonse, kapena wa khungu lakuda amene akukhala m'dziko la dzuwa lochepa, afunse azaumoyo za iye mwini ndi za mwana wake.

Michere imene mkaka umatenga m'thupi mwanu

Kashiamu, ayironi, zinki ndi folate (vitamini wothandiza kupanga magazi) zimakhala pafupifupi pa mlingo womwewo mu mkaka, kaya mayi wazidya kaya sanazidye. Kafukufuku amene Ann Prentice ndi anzake anachita ku Gambia, amene anasindikizidwa mu 1995, anapeza kuti kupatsa amayi oyamwitsa mapiritsi a kashiamu sikunasinthe kuchuluka kwa kashiamu mu mkaka wawo, ngakhale kuti amayiwo ankadya kashiamu wochepa kwambiri. Thupi limangotapa m'mafupa, ndipo mayi amataya pafupifupi 3 mpaka 5 peresenti ya kulimba kwa mafupa ake m'miyezi yoyamwitsa, kenako amabwezeretsa m'miyezi yotsatira mwana akasiya kuyamwa. Kubwezeretsako kumafuna zipangizo. Mlingo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi mamiligalamu 1,000 patsiku, kapena 1,300 kwa mtsikana wosakwana zaka 19, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Amene mkaka umawatsegula m'mimba ayese yogati kapena mkaka wowawasa, amene ambiri amawagaya mosavuta, ndipo nsomba zing'onozing'ono zodyedwa pamodzi ndi minga yake, masamba obiriwira ndi nthanga za chitowe zimathandizanso.

Nkhani ya ayironi ili ndi mbali ziwiri. Mkaka umatenga ayironi wochepa kwambiri, ndipo mayi amene sanayambirenso kusamba sataya magazi mwezi ndi mwezi, choncho pa pepala zosowa zake zimatsika. Koma amayi ambiri amafika pobereka magazi awo ali ochepa kale, kenako amataya ena pobereka, moti amayamba kuyamwitsa nkhokwe ili yopanda kanthu. Ichi n'chifukwa chake mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti m'madera amene kuchepa kwa magazi kwa amayi oyembekezera kuli kofala, mayi apitirize kumwa mapiritsi a ayironi kwa masabata 6 mpaka 12 atabereka. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi ndipo nthawi zina amachititsa kudzimbidwa kapena nseru, zimene zimapangitsa ambiri kuwasiya osauza aliyense. Kuda kwa chimbudzi sikoopsa, ndipo nseru imachepa mukawamwa mutadya kanthu kapena pokagona.

Ayironi wa m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba amalowa m'thupi mosavuta, pamene wa m'nyemba ndi m'masamba amafuna thandizo. Vitamini C ndi amene amamutsegulira njira, ndiye finyirani ndimu pa masamba, thirani tomato mu nyemba, kapena idyani lalanje kapena gwafa mukangomaliza kudya. Kunyika nyemba m'madzi usiku wonse ndi kutaya madziwo musanaphike kumachepetsa zinthu zimene zimamanga ayironi ndi zinki. Tiyi ndi khofi zimachita zosiyana ndi vitamini C, chifukwa zimatchinga ayironi kuti asalowe, choncho kapu ya tiyi isunthidwe kuti ibwere patadutsa ola limodzi kapena kuposerapo mutadya. Kusintha kumeneku sikulira ndalama, ndipo kwa mayi amene ndiwo zake zambiri ndi nyemba ndi masamba, phindu lake n'lalikulu.

Madzi

Amayi ambiri amalidziwa ludzu limene limabwera mwadzidzidzi mwana akangogwira bere, mkamwa n'kuuma gwaa pamene mkaka wayamba kutsika, pakati pa usiku, kapu ili kutali ndipo palibe womutuma. Ludzu limeneli limabwera limodzi ndi oxytocin, homoni imene imafinya mkaka kuti utuluke, ndipo ndi wotsogolera wabwino. Ikani botolo la madzi abwino pamalo alionse amene mumayamwitsirapo, imwani nthawi iliyonse imene mwana akuyamwa, ndipo yang'anani mkodzo wanu: ukakhala wotuwa ndiye kuti madzi akukwana, ukakhala wachikasu kwambiri ndi wonunkha onjezerani. Bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, limawerengera mamililita pafupifupi 700 owonjezera patsiku, ofanana ndi madzi amene amatuluka ndi mkaka. Kudzikakamiza kumwa kupitirira ludzu sikuchulukitsa mkaka. Zakumwa za shuga wambiri zimathetsa njala popanda kupereka michere, choncho zisalowe m'malo mwa madzi. Mwanayo safunika madzi apadera asanakwane miyezi 6, ngakhale kutatentha chotani, chifukwa pafupifupi 87 peresenti ya mkaka wa m'mawere ndi madzi.

Khofi, mowa ndi fodya

Simukuyenera kusiya tiyi kapena khofi, koma muyezo ulipo. Akuluakulu a zaumoyo ku Ulaya amatchula mamiligalamu 200 a kafeini patsiku, ndipo bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku United States, limatchula 300, zimene zili ngati makapu 2 kapena 3 a khofi. Kumbukirani kuti kafeini alinso mu tiyi, mu chokoleti, mu zakumwa za kola ndi mu zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu. Munthu wamkulu amachotsa theka la kafeini m'thupi m'maola pafupifupi 5, koma khanda longobadwa kumene limatenga masiku 3 kapena 4, moti kafeini wochepa wa tsiku ndi tsiku amaunjikana. Mwana wa masabata ochepa, makamaka wobadwa masiku asanakwane, akamavuta kugona ndi kuoneka wonjenjemera, chepetsani kwa sabata imodzi muone ngati zisinthe.

Mowa umalowa mu mkaka pa mlingo wofanana ndi wa m'magazi, umafika pachimake patadutsa mphindi 30 mpaka 60, ndipo umatuluka mu mkaka pokhapokha ukatuluka m'magazi. Kufinya mkaka n'kuutaya sikufulumizitsa kanthu. Chikhulupiriro chakuti mowa umachulukitsa mkaka chilipo m'mayiko ambiri, koma kafukufuku wa Julie Mennella ndi Gary Beauchamp wa mu 1991 ku Philadelphia anaonetsa zosiyana: m'maola ochepa mayi atamwa, makanda ankayamwa mkaka wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Mowa umachedwetsa kutsika kwa mkaka. Kusamwa n'komwe ndiko kwabwino koposa, koma amene wasankha kumwa ayamwitse kaye, asapitirire botolo limodzi laling'ono kapena tambula imodzi ya vinyo, adikire maola osachepera 2 asanayamwitsenso, ndipo asagone pamalo amodzi ndi khanda usiku umenewo. Fodya amachepetsa mkaka ndipo utsi wake umawonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda. Mayi amene walephera kusiya asaleke kuyamwitsa, koma asasute m'nyumba kapena pafupi ndi mwana, ndipo apemphe thandizo losiyira.

Zakudya zimene mumauzidwa kuti musale

Pafupifupi mtundu uliwonse wa anthu uli ndi mndandanda wa zakudya zimene mayi woyamwitsa amaletsedwa, ndipo mindandandayi imatsutsana, moti chimene chikuletsedwa kuno chikulimbikitsidwa kwina. Mwatsoka, zoletsedwazo nthawi zambiri zimakhala zimene mayi akuzifunitsitsa, monga mazira, nyemba, nsomba ndi zipatso. Taganizirani za nyemba ndi kabichi, zimene amati zimatupitsa mwana m'mimba. Mpweya umene zakudyazi zimabweretsa umapangika m'matumbo a mayi pamene tizilombo tabwino ta m'matumbomo tikugaya zotsalira zake, ndipo mpweyawo sulowa mu mkaka, chifukwa mkaka umapangidwa kuchokera m'magazi. Kulira kwa makanda kumachuluka kokha pa masabata pafupifupi 6, makamaka madzulo, n'kuyamba kuchepa pa miyezi 3 kapena 4, ndipo chakudya chilichonse chimene mayi anadya tsiku limenelo chimangopsera mlandu.

Fungo ndi kakomedwe ka chakudya zimafikadi mu mkaka, koma zimenezi n'zothandiza. Akatswiri omwe aja a ku Philadelphia anapeza kuti amayi atadya adyo, makanda ankakhalitsa pabere m'malo molikana, ndipo mu 2001 Mennella ndi anzake anaonetsa kuti ana a amayi amene ankamwa madzi a karoti poyamwitsa ankalandira bwino phala lokhala ndi karoti atayamba kudya. Kusala mtedza kapena mazira n'cholinga choteteza mwana kuti thupi lake lisadzadane nazo kulibe umboni woti kumathandiza.

Komabe alipo ana ochepa amene thupi lawo limadana ndi mapuloteni ena, kawirikawiri a mkaka wa ng'ombe, amene timagawo take timadutsira mu mkaka wa mayi. Zizindikiro zake zimaoneka: timizere ta magazi m'chimbudzi cha mwana, zidzolo zoyabwa zosatha, kusanza kwambiri ndi kusakwera sikelo. Zikatero pitani naye kuchipatala. Akakulangizani kusiya chakudya china, siyani chimodzi chokha kwa masabata 2 mpaka 4, kenako chiyeseninso kuti mutsimikize kuti ndichodi chinali kuvuta, ndipo funsani chimene chilowe m'malo mwake.

Chimene muyenera kuchikana popanda kukambirana ndi chakudya cha chuku. Mtedza, chimanga ndi mbewu zina zosungidwa pa chinyezi zimamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, satha ndi kuphika, ndipo amadutsira mu mkaka. Tsanulirani mtedza pambale yoyera, muuyang'ane poyera, ndipo tayani njere zonse zofota, zosweka, zakuda kapena zobiriwirira mkati. Njere ikawawa mkamwa, ilavuleni.

Mkaka ukamaoneka ngati wachepa

Funso loyamba limene mayi amafunsa akaganiza kuti mkaka wachepa limakhala lakuti adye chiyani, koma yankho kawirikawiri silikhala m'mbale. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene ukuchotsedwera: mwana akayamwa, homoni ya prolactin imakwera n'kulamula kuti mkaka wina upangidwe, ndipo bere likakhala lodzaza nthawi yaitali, kupangako kumachedwa. Yamwitsani maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku womwe, onetsetsani kuti mwana watsegula pakamwa kwambiri ndi kugwira mbali yaikulu ya malo akuda ozungulira nsonga ya bere, ndipo mulekeni amalize bere limodzi musanamupatse linalo. Umboni woti akukhuta ndi matewera onyowa osachepera 6 patsiku kuyambira tsiku lachisanu, kubwerera pa kulemera kumene anabadwa nako pofika masabata 2, ndi kupitiriza kukwera sikelo. Mawere kufewa patadutsa masabata angapo si chizindikiro cha kuchepa kwa mkaka, kumangosonyeza kuti thupi lazolowera muyezo wa mwanayo. Zitsamba ndi matiyi ogulitsidwa kuti amachulukitsa mkaka, monga fenugreek, umboni wake ndi wofooka, ndipo zina zimatsutsana ndi mankhwala a shuga kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, choncho musamwe musanafunse dokotala kapena namwino.

Kuchepetsa thupi ndi nthawi yopita kuchipatala

Amene akufuna kubwerera m'zovala zake zakale adikire kaye mpaka kuyamwitsa kutakhazikika, patadutsa mwezi umodzi kapena iwiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2000 anaonetsa kuti amayi onenepa amene ankatsika ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, pochepetsa chakudya pang'ono ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, ana awo anakula mofanana ndi a anzawo. Chepetsani shuga, zokazinga ndi zotsekemera, osati ndiwo, zipatso kapena zakudya zomanga thupi, ndipo pewani mapiritsi ndi matiyi owondetsa.

Mayi amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali, monga ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a chithokomiro, asawasiye yekha chifukwa choyamwitsa, koma auze amene amamupatsa mankhwalawo kuti akuyamwitsa. Wa matenda a shuga adziwe kuti kuyamwitsa kumatsitsa shuga m'magazi, choncho azikhala ndi kanthu kodya pafupi nthawi iliyonse imene mwana ali pabere. Pitani kuchipatala mukaona kuti zikhatho ndi mkati mwa zikope mwayera, mukupuma mwawefuwefu pa ntchito yaing'ono, mtima ukugunda mothamanga, simukuona bwino kukayamba mdima, khosi latupa kutsogolo, kapena mukuwonda mofulumira pamene mukudya. Kusafuna kudya kumene kwatenga masabata opitirira 2, pamodzi ndi kulira, kusowa tulo ngakhale mwana ali m'tulo ndi kusasangalala ndi chilichonse, kungakhale matenda a kukhumudwa amene amagwira amayi ena akabereka, ndipo amachizika mayi akupitiriza kuyamwitsa.